Wasiya mowa, tsopano azitani madzulo?



Nkhani ya mowa sitiikamba kawirikawiri m'kalata ya sukulu ino, chifukwa ambiri timaiona ngati nkhani ya anthu ena. Mwana aliyense wa Fomu 1 akhoza kutiuza kuti mowa ndi haramu. Komabe ife amene timaphunzitsa ana anu timadziwa kuti m'nyumba zina za Asilamu muli bambo, malume, mchimwene, penanso mayi, amene mowa unamugwira. Timazindikira poona fizi yochedwa chaka ndi chaka, mwana wosinza m'kalasi chifukwa usiku kunyumba kunali phokoso, kapena kholo limene limabwera pamsonkhano n'kukakhala kumbuyo kwenikweni kuti anzake asamve fungo. Ena mwa abale amenewa, Alhamdulillah, anasiya kumwa, ndipo ena akuyesetsa kusiya. Lero tikufuna kukamba za iwowa.

Mabanja akabwera kudzationa amafunsa funso limodzimodzi: "Aphunzitsi, munthu uja wasiya. Tsopano azitani?" Funsoli ndi lalikulu kuposa mmene limamvekera. Munthu amene ankayamba kumwa 4 koloko madzulo n'kubwerera kunyumba 9 koloko usiku ankapereka ku mowa maola 5 patsiku, kutanthauza maola 35 pasabata, pafupifupi nthawi imene munthu wolembedwa ntchito amagwira. Mowawo unkamupatsa malo opita, anthu omudikira, nkhani zokamba ndi chinthu chogwira m'manja. Tsiku limene wasiya, zonsezi zimachoka nthawi imodzi. Amatsala yekha pakhonde, dzuwa likupendeka, anzake akudutsa pamsewu n'kumamukodola. Ambiri amene anabwerera ku mowa anagwa pa nthawi imeneyi, pakati pa Asr ndi Isha, ngakhale kuti m'mawa mwake analapa ndi misozi.

Tisanafike pa zochita, pali chenjezo limene likhoza kupulumutsa moyo. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku asasiye mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi lozolowera mowa limayamba kuvutika patangopita maola 6 mpaka 24 chimwereni komaliza: manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, mtima umathamanga, tulo timasowa. Ena amakomoka n'kumaphupha m'masiku awiri oyambirira. Ena, pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi, amasokonezeka mutu n'kumaona zinthu zimene palibe, ndipo vuto limeneli limapha. Awa ndi matenda a thupi, ndipo ali ndi mankhwala kuchipatala. Tim'chitire dua m'bale wathu, komanso timuperekeze kwa dokotala. Kuwonjezera pa zipatala za boma m'maboma athu, kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba, ndipo a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu amene akodwa ndi mowa kapena mankhwala ozunguza bongo. Amene akukonza zosiyira pa tsiku loyamba la Ramadan aonane ndi achipatala mweziwo usanaoneke. Chipembedzo chathu chinalola wodwala kudzabweza masiku a kusala akachira, choncho palibe chifukwa choikira moyo pachiswe.

Masiku oopsawo akadutsa kumabwera vuto lachiwiri, lomwe silioneka ndi maso. Mowa umasokoneza mbali ya ubongo imene imatipangitsa kusangalala ndi zinthu, imene imagwira ntchito ndi mankhwala achilengedwe otchedwa dopamine. Munthu akamwa zaka zambiri, ubongo umazolowera chisangalalo chobwera mwamphamvu ndi mwachangu, moti zinthu wamba monga chakudya chokoma kapena kuseka kwa mwana sizimukhudzanso. Akasiya, pamatenga masabata kapena miyezi kuti zibwerere m'malo mwake. Pa nthawiyi amadandaula kuti chilichonse n'chosakoma, amakwiya msanga ndipo amagona movutikira. Achibale amadabwa kuti, "Wasiya mowa koma ndiye wafika pouma mtima." Tikadziwa chimene chikuchitika m'thupi mwake sitifulumira kumuweruza. Timadziwanso chifukwa chake ntchito zamanja ndi masewera zili zofunika: zimaphunzitsanso ubongo kulandira chisangalalo chaching'ono chimene chimabwera munthu atakhetsa thukuta.

M'kalasi ya maphunziro a Chisilamu timaphunzitsa kuti mowa sunaletsedwe tsiku limodzi. Mu Surah Al-Baqarah ndime 219 anthu anauzidwa kuti kuipa kwa mowa ndi njuga kumaposa phindu lake. Kenako mu Surah An-Nisa ndime 43 analetsedwa kuyandikira swala ataledzera. Pomaliza, mu Surah Al-Ma'idah ndime 90 ndi 91, lamulo lousiyiratu linabwera, ndipo Anas ibn Malik, yemwe tsikulo ankatungira anthu mowa m'nyumba ya Abu Talha, anasimba kuti anautaya mpaka unayenderera m'misewu ya Madina. Taganizirani za gawo lapakatilo. Munthu woswali kasanu patsiku, amene sangaswali ataledzera, amatsala ndi nthawi yochepa kwambiri yomwera. Tsiku lake linali litadzaza kale ndi china lamulo lomaliza lisanafike. Mayi wathu Aisha, Allah asangalale naye, anafotokoza kuti chikhala kuti lamulo losiya mowa ndilo linayamba kutsika, anthu akanakana kuusiya. Phunziro limene timatengapo ndi lakuti mtima ndi tsiku la munthu ziyenera kudzazidwa ndi chinthu chabwino kuti choipa chisowe pokhala.

Swala zisanu ndiye mizati ya tsiku, koma pakati pa mizati pamatsala mipata. Swala ya Asr imatenga mphindi zochepa, ndipo kuchokera apo kufika Maghrib pali maola. Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, anatichenjeza kuti pali madalitso awiri amene anthu ambiri amaluza nawo, omwe ndi thanzi ndi nthawi yopuma. Wosiya mowa amalandira madalitso awiriwa nthawi imodzi asanakonzeke. Kuchokera pa zimene taona kwa abale amene akhala zaka osamwa, chochita chothandiza chimakhala ndi zizindikiro zinayi. Chimachitika pa ola lomwe munthu ankamwa. Chimagwiritsa manja kapena kutopetsa thupi. Chimakhala ndi wina womudikira, kaya munthu, chiweto kapena mbewu. Ndipo njira yopita kumeneko sidutsa pamalo pamene ankamwera.

Dimba ndilo timaliika patsogolo. M'chilimwe mpiru, repu ndi tomato zimafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo ukajomba masiku awiri masamba amakuuza okha. Kuthirira kwa madzulo kumagwera pa ola lenileni la chiyeso. Munthu amanyamula kheni maulendo makumi angapo, amafika kunyumba atatopa, amasamba, amadya, ndipo tulo timene tinkasowa timayamba kubwera. Pakatha mwezi ndi masabata angapo amathyola ndiwo zoyamba. Bambo wina wa m'dera lathu, amene ana ake anali atazolowera kumuona akubwera chimanjamanja akudzandira, anatiuza kuti tsiku limene analowa pakhomo ndi mtolo wa mpiru wolima yekha, mkazi wake anaulandira ndi manja awiri osanena kanthu. Iye akuti kulandira kumeneko kunamugwira mtima kuposa malangizo onse amene anamvapo. Amene alibe dimba akhoza kubzala m'matumba akale a simenti kuseri kwa nyumba, n'kumathirira ndi madzi otsukira mpunga ndi ndiwo.

Ziweto zazing'ono zimagwira ntchito yofanana. Nkhunda sizifuna malo aakulu. Zimaikira mazira awiri, zimafungatira masiku pafupifupi 18, ndipo maunda amakhala atakula pakatha mwezi. Munthu amamanga yekha khola, amawerenga masiku, amadziwa banja lililonse la nkhunda ndi khalidwe lake. Nkhuku zachikuda nazonso zimafuna wozitsekera dzuwa likamalowa. Zimenezi zikumveka zazing'ono, koma munthu amene kwa zaka zambiri palibe ankamudalira amayamba kumva kuti akapanda kubwera madzulo pali chimene chivutike.

Kuyenda ndawala, kuthamanga ndi kupalasa njinga n'zaulere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuchita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 150 pasabata, komwe ndi kuyenda mphindi 30 masiku asanu. Chilakolako cha mowa chikabwera chimakhala ngati chimphepo: chimakula, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha munthu akapanda kuchigonjera. Wokhala pansi amachimva ngati sichidzatha. Woyenda amafika kumapeto kwa msewu chitachepa kale. Masewera si achilendo m'Chisilamu. Mtumiki anapikisanapo liwiro ndi Aisha, ndipo analola anthu a ku Abyssinia kusewera ndi mikondo yawo mumzikiti pa tsiku la Eid. Tikadakonda kuona abambo atatu kapena anayi akutuluka limodzi pa swala ya Fajr n'kuzungulira bwalo la sukulu yathu kangapo asanapite kuntchito. Palibe angadziwe kuti mwa iwo wodwala ndi uti.

Pa bawo ndi mpira pafunika kusamala. Bawo ndi masewera anzeru, a maenje 32 ndi njere 64, ndipo amatha kumeza madzulo onse munthu osaganiza za botolo. Vuto ndi lakuti m'malo ambiri bawo limaseweredwa pakhonde la malo omwera, ndipo ena amaikapo ndalama. Mpira nawo, kuusewera n'kwabwino, koma kuuonera pa kanema m'bala ndi kubwerera kukhomo la mdani. Palinso kubetcha kwa pafoni kumene kwafala pakati pa achinyamata. Kumagwira mbali yomweyo ya ubongo imene mowa unkagwira, ndipo taona anthu akusiya botolo n'kugwera m'njuga. Si mwangozi kuti Qur'an inatchula mowa ndi njuga pamodzi. Choncho bawo lisamukire pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi mzikiti, lopanda ndalama, ndipo liziima adhana ikamveka. Mpira wa pa kanema uzionedwa kunyumba kwa m'bale, pali tiyi ndi mbatata.

Ntchito zamanja monga kusoka, ukalipentala, kuluka mphasa ndi malichero, kapena kukonza njinga zili ndi ubwino wina: zimasiya chinthu chooneka. Mowa umatenga tsiku lonse osasiya kanthu koma mutu wopweteka ndi ngongole. Mpando umene munthu wakhoma yekha umakhalapo mawa ndi mkuja, ndipo mwana amaukhalira polemba homuweki. Kwa amayi amene anasiya kumwa, amene manyazi awo amakhala owirikiza chifukwa anthu amawanena kwambiri kuposa abambo, gulu la amayi osoka kapena ophika zogulitsa limapereka pobisalira pabwino. Amalowamo monga wophunzira kusoka, popanda wowafunsa mbiri.

Kuphunzira Qur'an tikukutchula mochedwa dala, chifukwa ambiri amathamangira kunena kuti wosiya mowa azingokhala mumzikiti. Munthu amene ubongo wake ukuchira sangakhale maola atatu akuwerenga, ndipo tikamukakamiza amalephera n'kudziona ngati wachabe. Koma mphindi 20 pakati pa Maghrib ndi Isha, ali ndi mphunzitsi woleza mtima, ndi zotheka. Juzu Amma ili ndi ma surah 37, ambiri aafupi. Bambo wa zaka 50 amene anathawa madrasa ali mwana akhoza kuloweza ndime ziwiri patsiku n'kumalemba m'kope pamene wafika. Mtumiki anatiphunzitsa kuti ntchito yokondedwa kwambiri kwa Allah ndi imene munthu amaichita mosalekeza ngakhale ikhale yochepa. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chochita china champhamvu ndi kuthandiza ena. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene lafalikira m'mayiko ambiri, linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene Bill Wilson, ataona kuti watsala pang'ono kumwanso, anafunafuna munthu wina wovutika ndi mowa woti acheze naye, n'kupeza dokotala Bob Smith. Anazindikira kuti pothandiza mnzake ankadzithandiza yekha. Kwathu kuno ntchito zotere sizisowa: kutunga madzi a wudhu, kusesa mzikiti lisanafike tsiku la Ijumaa, kukumba manda, kuperekeza odwala, kuphunzitsa ana mpira. Munthu amene wapatsidwa kiyi wa chipinda chosungira mikeka amadziwa kuti akapanda kubwera, jamaa iswalira pansi.

Tinene mosabisa kuti dimba kapena bawo si mankhwala a uchidakwa. Zimathandizana ndi chipatala, uphungu, kulapa ndi banja. Ndipo kugwanso kumachitika. Ambiri amene lero atha zaka osamwa anagwapo kamodzi kapena kangapo panjira. Chimene chimasiyanitsa wodzukanso ndi wopitirira ndi mmene anthu omuzungulira amamulandirira m'mawa mwake. Imam Bukhari analemba nkhani ya munthu wina wa ku Madina dzina lake Abdullah, amene ankakonda kuseketsa Mtumiki, ndipo ankabweretsedwa kawirikawiri atamwa mowa. Tsiku lina atalangidwa, mmodzi mwa anthu anamutemberera chifukwa chobwerezabwereza. Mtumiki anamuletsa, nachitira umboni kuti munthuyo amakonda Allah ndi Mtumiki wake. Pa nkhani ina yofanana analetsa anthu kuthandiza Satana polimbana ndi m'bale wawo. Tchimo silinachepetsedwe, koma munthuyo sanatayidwe. M'bale wathu akagwa Loweruka, Lamlungu madzulo wina apite akamuuze kuti mbewu zikufota, tiyeni tikathirire.

Kwa inu ophunzira athu, nkhaniyi ikukukhudzani pawiri. Ena mwa inu mumachokera m'nyumba zimene tafotokozazi. Dziwani kuti simunayambitse vutolo ndipo si udindo wanu kulichiza. Mukhoza kuthandiza pa zazing'ono, monga kupempha bambo kuti akuphunzitseni kumata tayala la njinga kapena kumvetsera pamene akuloweza surah. Zikafika pa nkhanza, uzani mphunzitsi amene mumamukhulupirira, ndipo tidzasunga chinsinsi chanu pamene tikufuna thandizo. Chachiwiri, inunso muli ndi maola opanda chochita mukaweruka ndi pa holide. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa unkafika mpaka m'matumba a yunifolomu, koma mowa waukali wotchipa udakalipo m'timabotolo, ndipo kachasu sanachoke m'midzi. Dziko la Iceland linali ndi vuto lalikulu la achinyamata oledzera. Mu 1998, mwa achinyamata 100 aliwonse a zaka 15 ndi 16, okwana 42 ananena kuti analedzerapo mwezi wapitawo. Pofika 2016 chiwerengerocho chinatsika kufika pa 5. Zina mwa zimene anachita ndi kuika ndalama m'masewera ndi maluso a ana akaweruka kusukulu, kuletsa ana kuyenda usiku, ndi kulimbikitsa makolo kukhala nthawi yambiri ndi ana awo. Ife tilibe chuma cha Iceland, koma bwalo, mpira ndi makasu tili nazo. Sankhani luso lanu tsopano, mudakali ndi mutu wabwino.

Kwa inu makolo amene muli ndi wochira m'nyumba, musamusankhire chochita ngati chilango. Mufunseni chimene ankakonda asanayambe kumwa. Wina adzati ankawedza, wina ankajambula, wina ankagwira pagolo m'timu ya m'mudzi. Yambirani pamenepo. Musayembekezere phindu la ndalama mwezi woyamba, ndipo musamunyoze nkhunda zikafa kapena mpando ukapendekeka. Pa nkhani ya ndalama, gwirizanani momasuka kuti m'miyezi yoyamba asamayende ndi zambiri m'thumba, makamaka pa tsiku la malipiro kapena atagulitsa mbewu. Ngati pakhomo pali ukwati kapena mwambo wa achibale kumene kudzakhale mowa, konzeranitu womuperekeza ndi nthawi yobwerera.

Kwa akuluakulu a komiti ya mzikiti tili ndi mapempho atatu, ndipo onse ndi otchipa. Loyamba, kachigawo ka malo a mzikiti kamene kamangomera udzu kagawidwe mabedi, kuti aliyense wofuna alimepo ndiwo. Lachiwiri, pakhale bawo, benchi ndi ketulo ya tiyi pamthunzi kuyambira Asr mpaka Maghrib, ndi munthu mmodzi wodalirika wosasowa pamalopo. Lachitatu, pakhale kalasi ya akuluakulu oyamba kumene kuwerenga Qur'an, yosiyana ndi ya ana, kuti bambo asachite manyazi kulakwitsa pamaso pa mwana wake. Zonsezi zikhale za jamaa yonse. Tikangozitcha za anthu osiya mowa, amene tikuwafunawo sadzabwera, chifukwa palibe amene amafuna kulozedwa chala. Sukulu ili okonzeka kukambirana za kugwiritsa ntchito bwalo lake m'mawa ndi madzulo.

Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 mowa unachititsa imfa za anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse. Ena mwa anthu otere tinawasambitsa ndi kuwaswalira janaza ife tomwe, ndipo pamaliro tinkangoti anadwala chiwindi kapena anagundidwa ndi galimoto. Amene akali moyo ndipo akuyesetsa kusiya ali pakati pathu, ena m'mizere yakumbuyo pa Ijumaa. Mutu umodzi susenza denga. Sabata ino aliyense wa ife aganizire munthu mmodzi wotere, apite kwa iye nthawi ya Asr ikangodutsa, ndipo amuitane kuti akathandizane ntchito inayake yeniyeni.

Tikupempha Allah awalimbitse onse amene akulimbana ndi mowa, awachiritse matupi ndi mitima, atonthoze mabanja awo, ndipo ateteze ana athu. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.

Mphunzitsi wa maphunziro a Chisilamu